Mmene mungapezere laisensi ya uphungu wa za maganizo ku America

Abale athu ambiri amene ali ku America amagwira ntchito yosamalira anthu, m'nyumba za okalamba, m'nyumba za olumala ndi m'zipatala. Ena mwa iwo anachoka kumudzi ali ndi digiri ya uphunzitsi, ya zaumulungu kapena ya social work, ndipo akakhazikika amalakalaka atakhala alangizi a thanzi la m'maganizo ovomerezeka ndi boma. Mtima wothandiza anthu ali nawo, ndipo m'kalasi sagwa. Chimene chimawagwetsa ndi ndondomeko yake. Wina amamaliza masitazi ngongole ili m'khosi, kenako bodi yopereka malaisensi n'kumuuza kuti digiri yakeyo ndi yoperewera. Wina amagwira ntchito chaka chathunthu ali ndi chikhulupiriro choti maola a ntchito omwe bodi imafuna akuwerengedwa, pomwe palibe ngakhale limodzi lomwe lalowa m'kaundula.

Gwero la mavutowa ndi limodzi: anthu amayambira kusukulu m'malo moyambira ku bodi. Laisensi sapereka ndi yunivesite, komanso sapereka ndi boma la ku Washington. State iliyonse ili ndi bodi yakeyake ndi malamulo akeake.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Digiri yoyamba. Sikuti mpaka ikhale ya psychology, ngakhale masukulu ena amafuna kuti munaphunzirapo pang'ono phunziroli.
- Transcript yosonyeza magiredi a phunziro lililonse, yochokera ku ofesi ya rejistra wa yunivesite yanu.
- Anthu awiri kapena atatu okulemberani makalata a umboni.
- Zotsatira za TOEFL kapena IELTS, ngati sukulu ikuzifuna.
- Pasipoti yoti sikutha posachedwa, ndi mapepala osonyeza kuti muli m'dzikomo movomerezeka kapena kuti mungathe kulowamo.
- Ndalama za fizi, zofunsira malo, zounikitsira digiri, za mayeso ndi za bodi.
- Faelo imodzi, ya pepala komanso ya pa kompyuta, yosungiramo chilichonse kwa zaka zisanu kapena kupitirira apo.

1. Sankhani state, kenako werengani malamulo a bodi yake

Dzifunseni kumene mudzakhale mukamaliza sukulu. Mukatero pitani pa tsamba la pa intaneti la bodi ya kumeneko, mukopere mafomu ofunsira laisensi ngakhale kudakali zaka. Fomuyo ndi imene ikuuzeni zonse zomwe muyenera kusonkhanitsa.

Dzina la laisensi limasiyana. Ku New York, Florida, Massachusetts ndi Indiana amati LMHC. Ku Texas ndi m'ma state ena ambiri amati LPC, ku California LPCC, ku North Carolina LCMHC. Ntchito yake ndi yofanana, koma zofuna zawo n'zosiyana. New York imafuna maola 3,000 ogwira ntchito moyang'aniridwa mukamaliza digiri, ndipo 1,500 mwa amenewo akhale okumana ndi anthu ofuna thandizo. Florida imafuna zaka ziwiri, maola 1,500 ochiza maso ndi maso, ndi maola 100 okhala pansi ndi woyang'anira, omwazikana m'masabata osachepera 100. Massachusetts imafuna maola 3,360. A ku South Bend ndi madera ena a Indiana, kumene Amalawi alipo ochuluka ndithu, adziwe kuti kwawoko ndi maola 3,000 ndi maola 100 a woyang'anira.

*Chenjezo:* Musadalire zomwe mnzanu anachita zaka zapitazo. Malamulowa amasintha. Ngati mfundo ina siikumveka, lemberani bodi imelo ndipo yankho lawo mulisunge. Zolankhula pa foni sizidzakuimirani umboni.

2. Unikitsani digiri yanu yakumudzi

Ngati digiri yanu yoyamba ndi ya ku University of Malawi, Mzuzu University, University of Zambia kapena yunivesite ina ya kunja kwa America, masukulu ambiri adzafuna kuti bungwe lina liiunike ndi kunena kuti ikufanana ndi digiri iti ya kumeneko. Odziwika kwambiri ndi WES ndi ECE. Pemphani kauniuni wa phunziro ndi phunziro, chifukwa ndi amene amatembenuza magiredi anu kukhala GPA, avareji ya magiredi monga amawerengera ku America. Mapulogalamu ambiri amafuna GPA ya 3.0 kapena pafupi ndi pamenepo.

*Chenjezo:* Kawirikawiri mabungwewa salandira transcript yochokera m'manja mwanu. Amafuna ichokere ku yunivesite mwachindunji. Apa ndi pomwe nthawi imatayikira. Yambani miyezi ingapo tsiku lotsekera lisanafike, ndipo ngati muli kunja pezani m'bale wodalirika woti azikafika ku ofesiko pamaso. Onaninso kuti mayina anu alembedwa chimodzimodzi pa pasipoti ndi pa digiri.

3. Sankhani pulogalamu yoti bodi idzaivomere

Mukufuna masitazi ya clinical mental health counseling ya makirediti 60 (kirediti ndi muyeso wa kuchuluka kwa maphunziro). Wophunzira nthawi yonse imamutengera zaka ziwiri mpaka zitatu. Wophatikiza ndi ntchito, zaka zitatu kapena zinayi.

Funso loyamba kufunsa sukulu n'lakuti: kodi pulogalamu imeneyi ndi yovomerezedwa ndi CACREP? Limeneli ndi bungwe lomwe limaunika maphunziro a uphungu. Si ma state onse amene amakakamiza kuti digiri ikhale ya CACREP, koma North Carolina imatero kuyambira mu 2022, ndipo Florida kuyambira mu Julaye 2025 imafuna CACREP, bungwe lina lounika maphunziro lotchedwa MPCAC, kapena bungwe lofanana nawo. Ngakhale kumene sakakamiza, digiri ya CACREP imadutsa ku bodi mosavuta chifukwa maphunziro ake amadziwika kale. Ine ndimalangiza munthu aliyense wochokera kunja kuti atenge ya CACREP ngati angathe, popeza ife timasamukasamuka, kutsatira ntchito kapena abale, ndipo simudziwa state imene mudzakalambire.

Musangomva za pakamwa. Tsamba la CACREP lili ndi mndandanda wa mapulogalamu, kafufuzeni dzina la sukulu nokha. Sukulu ikhoza kukhala yovomerezeka pa pulogalamu ya uphungu wa m'masukulu a ana koma osati pa ya za maganizo. Mawu akuti "tili mkati mofunsira chivomerezo" si chivomerezo.

Mafunso ena awiri ofunika: kodi malo a internship, kokaphunzirira ntchito, amapeza ndani, sukulu kapena wophunzira? Nanga ophunzira awo amakhoza bwanji mayeso a laisensi? Mapulogalamu a CACREP amayenera kulengeza poyera ziwerengero zoterezi.

*Chenjezo:* Masitazi ya psychology wamba, ya human services kapena ya uphungu wa kutchalitchi nthawi zambiri siikufikitsani ku laisensi iyi. Social work ndi uphungu wa mabanja ndi njira zabwino, koma zili ndi malaisensi akeake. Digiri ya makirediti 36 kapena 48 imaoneka yotchipa lero, koma mudzabwereranso kusukulu kukakwaniritsa otsalawo.

4. Werengetsani ndalama, nthawi ndi viza

Tengani mtengo wa kirediti imodzi, muchulukitse ndi 60, muwonjezere zolipira zina za teremu iliyonse, mabuku ndi inshulansi ya zaumoyo. Mayunivesite a boma amatchipirako kwa anthu okhazikika mu state yawo, koma wochokera kunja amalipira mtengo wokwera. Funsani za graduate assistantship, ntchito ya pasukulu yomwe imachepetsa fizi. Ngongole za ophunzira za boma la America ndi za nzika ndi ena ololedwa monga a green card. Wa viza ya sukulu sazipeza.

Amene muli ndi green card kapena unzika mukhoza kudumpha ndime ziwiri zikubwerazi.

Wa viza ya sukulu ya F-1 amafunika fomu ya I-20 yochokera kusukulu, umboni wa ndalama za chaka choyamba, ndi madola 350 a SEVIS, kaundula wa boma wa ophunzira akunja. Amaloledwa kugwira ntchito ya pasukulu maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ikakhala yotsegula. Pa maphunziro omwe amawerengedwa kuti ndinu wophunzira wa nthawi yonse, limodzi lokha pa teremu ndi limene lingakhale la pa intaneti, choncho pulogalamu ya pa intaneti yokhayokha siingakupezetseni viza. Malamulo a viza kwa nzika za Malawi, Zambia ndi Zimbabwe anakhwimitsidwa mu 2025. Musanalipire kalikonse kusukulu, fufuzani ku ofesi ya kazembe wa America mmene zinthu zilili panthawiyo.

Pali masamu ena omwe ndikufuna muwaonetsetse, chifukwa masukulu sakonda kuwatchula. Mukamaliza digiri, F-1 imakupatsani miyezi 12 ya chilolezo chogwira ntchito chotchedwa OPT. Mapulogalamu ambiri a uphungu sali m'gulu la STEM (sayansi, luso lamakono, uinjiniya ndi masamu), ndiye simupeza miyezi 24 yowonjezera yomwe a m'gululi amapatsidwa. Mutagwira maola 40 sabata iliyonse osapumako, chaka chimakupatsani maola 2,080. Mabodi ambiri amafuna 3,000, ndipo ma state ena amaikanso malire a nthawi: Texas miyezi yosachepera 18, California masabata 104. Ndiye kuti OPT idzatha laisensi musanaigwire. Mufunika bwana wokonzeka kukufunsirani viza ya ntchito, ndipo nkhaniyi muikambe ndi loya wa za imigireshoni mudakali m'chaka choyamba cha sukulu.

5. Funsirani malo

Masukulu ambiri amayamba mu Ogasiti kapena Seputembala, ndipo amatseka kulandira mafomu miyezi ingapo m'mbuyo mwake, ena mu Disembala kapena Januwale. Ambiri anasiya kufuna mayeso a GRE, koma onetsetsani.

M'kalata yofotokoza cholinga chanu, lembani za ntchito yomwe mwagwirapo ndi anthu ndi zimene inakuphunzitsani. Zaka zomwe mwasambitsa ndi kudyetsa agogo oiwalaiwala, kapena zomwe munapereka uphungu wa HIV pachipatala cha kumudzi, musazione ngati zochititsa manyazi. Aphunzitsi a uphungu amazilemekeza. Ngati mukutchula mavuto omwe munadutsamo inu mwini, onetsani kuti munachira mokwanira kuti mungathe kusenza za ena. Makalata a umboni akhale ochokera kwa mphunzitsi kapena bwana wa kuntchito. Ya abusa ikhale yowonjezera chabe.

Mapulogalamu ambiri amachititsa intavyu, nthawi zina pagulu. Kumeneko amaona mmene mumamvetsera anzanu akamalankhula kuposa kuchuluka kwa zomwe mukudziwa.

6. Phunzirani, ndipo sungani silabasi iliyonse

Mudzaphunzira malamulo ndi chikhalidwe cha ntchitoyi, kakulidwe ka munthu, kusiyana kwa zikhalidwe, uphungu wa pagulu, uphungu wa za ntchito, kuyeza, kafukufuku, ndi kuzindikira matenda pogwiritsa ntchito buku la DSM-5-TR. Yerekezani mndandanda wa maphunziro anu ndi wa bodi chaka chilichonse, chifukwa ma state ena amafuna maphunziro apadera. Florida, mwachitsanzo, imafuna phunziro la za kugonana ndi la za mankhwala ozunguza bongo. Silabasi ya phunziro lililonse muisunge. Bodi ikadzakayika ndi dzina la phunziro pa transcript, idzafuna silabasi ya chaka chomwe munaphunziracho, ndipo mphunzitsiyo akhoza kukhala atachoka kalekale.

Pali china chimene sichilembedwa pa silabasi. Ife tinakulira kumene wopereka uphungu amakhala wamkulu woyankhula, ankhoswe, anankungwi, abusa, ndipo wolangizidwa amakhala chete n'kumvera. M'ntchito iyi zinthu zimatembenuka. Woyankhula kwambiri ndi wofuna thandizoyo, ndipo inu simumuuza kuti abwerere kwa mwamuna wake kapena amusiye. Mudzajambulidwa pa vidiyo mukuyeserera, anzanu ndi aphunzitsi n'kumaonera, ndipo adzakusonyezani malo onse omwe munathamangira kupereka malangizo. Zimawawa, koma m'pamene pamaphunziridwa ntchito. Komanso malamulo a American Counseling Association amaletsa mlangizi kukakamiza zikhulupiriro zake pa munthu, kapena kumukana chifukwa choti moyo wake ukusemphana ndi chipembedzo cha mlangiziyo. Mudzakumana ndi amuna okwatirana okhaokha, osapemphera, ndi ofuna kuthetsa banja. Ngati mukuona kuti izi zidzakuvutani, zilingalireni moona mtima musanalipire fizi, ndipo mukambirane ndi mphunzitsi amene mumamukhulupirira. Mbali inayi, kuleza mtima kwathu pomvetsera, kudziwa kwathu za maliro ndi za udindo wa achibale, ndi chuma chenicheni m'chipinda cha uphungu.

7. Practicum ndi internship

M'mapulogalamu a CACREP, practicum, gawo loyamba lophunzira ntchito moyang'aniridwa, ndi maola osachepera 100, ndipo 40 mwa iwo ndi okumana ndi anthu. Kenako internship ya maola 600, okumana ndi anthu 240. Sabata iliyonse mumakhala ola limodzi ndi woyang'anira wanu, ndi ola limodzi ndi theka pagulu.

Yambani kufunafuna malo teremu imodzi kapena awiri nthawi isanakwane. Mudzafunika inshulansi yokutetezani pa milandu ya pantchito, ndipo malo ambiri adzafufuza mbiri yanu ku polisi ndi kukudindani zala. Sankhani malo omwe anthu amabwera ochuluka, monga zipatala za m'madera kapena malo othandiza osiya mowa ndi mankhwala. Ofesi yokongola ya munthu payekha ikhoza kukusiyani mutakhala tsiku lonse osaona munthu.

*Chenjezo:* Ma internship ambiri salipira, ndipo amachitika masana. Amene mumagwira mashifiti awiri, konzekeranitu ndalama za chaka chimenechi. Kugwira usiku wonse n'kukakhala pamaso pa munthu wofuna kudzipha m'mawa mwake ndi kuika moyo wa munthuyo pachiswe. A F-1 kambiranani ndi ofesi ya ophunzira akunja za chilolezo cha CPT, chogwirira ntchito yomwe ili mbali ya maphunziro anu, musanayambe tsiku loyamba, ngakhale malowo asakulipireni. Dziwaninso kuti CPT ya nthawi yonse ikakwana miyezi 12, OPT imafa.

8. Lembetsani ku bodi musanayambe kuwerenga maola

Apa ndi pomwe ambiri amalirira. Digiri ikatuluka simunakhale mlangizi wodziimira, ndipo m'ma state ambiri maola sayamba kuwerengedwa mpaka bodi itakupatsani chilolezo chongoyembekezera. Ku New York ndi limited permit, ku Florida mumalembetsa ngati registered intern, ku Texas mumakhala LPC Associate, ku Indiana LMHCA. Tumizani mafomu msanga, ndipo dikirani chikalata chifike.

Woyang'anira wanu akhale woti bodi imamuvomereza. Kukhala ndi laisensi kokha sikukwanira m'ma state ena: ku Texas ayenera kukhala ndi udindo wa LPC-S, ku Florida akhale pa mndandanda wa qualified supervisor. Kafufuzeni nambala ya laisensi yake pa tsamba la bodi. Pofunsira ntchito, funsani ngati kampani ikupereka woyang'anira kwaulere, chifukwa mukamulipira nokha sabata iliyonse kwa zaka ziwiri ndalama zake zimakhala zambiri. Funsaninso ngati adzakubwezetsani ndalamazo mukachoka msanga.

9. Lembani maola sabata iliyonse

Tsegulani spreadsheet yokhala ndi deti, maola okumana ndi anthu, maola a ntchito zina monga kulemba malipoti, ndi maola a woyang'anira, payekha ndi pagulu. Mayina a anthu omwe mukuwathandiza asalowemo. Mwezi ukatha, woyang'anira asayine.

Mukamasintha ntchito, woyang'anira adzaze ndi kusayina fomu ya bodi musanatuluke pakhomo. Anthu amasamuka, amadwala, amamwalira, ena mumasiyana nawo mutayambana. Maola opanda siginecha ali ngati chimanga chomwe munalima koma simunakolole. Mukasintha woyang'anira kapena malo, dziwitsani bodi.

10. Lembani mayeso

Mayeso ndi awiri, onse okonzedwa ndi bungwe la NBCC. NCE ili ndi mafunso 200 osankha yankho, ochokera m'maphunziro onse a digiri. NCMHCE imakupatsani nkhani za anthu odwala, n'kumakufunsani kuti vuto ndi chiyani ndipo mungachite chiyani pa gawo lililonse. New York ndi Florida zimafuna NCMHCE, Texas imalandira iliyonse mwa awiriwa, ndipo ma state ena amafuna onse.

NCE ilembeni mutu udakali wotentha, chakumapeto kwa sukulu kapena mutangomaliza. NCMHCE imayenda bwino mukagwirako ntchito. Yesererani ndi wotchi, chifukwa nkhani zake ndi zazitali ndipo wowerenga Chingerezi mofatsa nthawi imamuthera. Ma state ena ali ndi kamayeso kapena kakosi ka malamulo awo: Texas ndi California ali ndi mayeso, Florida ili ndi kosi ya maola 8, ndipo New York imafuna maphunziro a kazindikiridwe ndi kanenedwe ka nkhanza kwa ana.

11. Tumizani pempho la laisensi

Transcript ichokere kusukulu, zotsatira za mayeso zichokere ku NBCC, mafomu a maola achokere kwa oyang'anira, monga mmene bodi yanenera. Pa mafunso a milandu nenani zoona, ngakhale utakhala mlandu wakale woyendetsa galimoto mutamwa. Bodi ikhoza kumvetsa mlandu, koma bodza limawononga pempho lonse. Laisensi ikatuluka imafunika kukonzanso pakapita nthawi, kawirikawiri zaka ziwiri, ku New York zitatu, ndipo mumayenera kusonyeza kuti mwapitiriza kuphunzira. Kuyambira mu Januwale 2024 Medicare, inshulansi ya boma ya zaumoyo ya okalamba, inayamba kulipira alangizi a za maganizo, zomwe zatsegula khomo kwa amene mumakonda kugwira ntchito ndi okalamba.

Zolakwika zomwe zimabwerezedwabwerezedwa

*Kudzitcha dzina lomwe simunalandire.* Kulemba LMHC kapena LPC pa kadi, pa Facebook kapena pa chikalata cha tchalitchi laisensi isanatuluke ndi kuphwanya lamulo, ndipo bodi ikhoza kukukanizani laisensiyo.

*Kuthandiza anthu odziwana nawo.* Kumene Amalawi ndi ochepa, aliyense amadziwa mnzake. Akangomva kuti mukuphunzira uphungu, adzabwera a mumpingo, a m'gulu la maliro, alamu anu. Amvereni ngati m'bale, koma musawatenge ngati odwala anu. Apezereni mlangizi wina. Ndipo zomwe mwamva m'chipinda cha uphungu sizikambidwa kunyumba, ngakhale mutabisa dzina, chifukwa pagulu laling'ono anthu amazindikira msanga.

*Kubisa nkhanza pofuna kuti zikambidwe pachibale.* Mlangizi ku America amakakamizidwa ndi lamulo kukanena akaganizira kuti mwana akuchitiridwa nkhanza. Simungaitanitse ankhoswe kaye. Izi muziwauza anthu pa tsiku loyamba, pamodzi ndi malire ena a chinsinsi.

*Kuganiza kuti laisensi imayenda nanu.* Chimene chimawerengedwa ndi kumene wothandizidwayo ali pa nthawi yokambirana. Munthu wanu akasamukira state ina, laisensi yanu siikulolani kupitiriza naye pa vidiyo popanda chilolezo cha kumeneko. Mgwirizano wa Counseling Compact, womwe ma state opitirira 30 analowamo, cholinga chake ndi kufewetsa zimenezi, koma ndi wa okhawo omwe ali kale ndi laisensi yonse, ndipo muyenera kufufuza ngati state yanu yayamba kuugwiritsa ntchito. Wofuna kudzabwerera kumudzi adziwenso kuti laisensi ya Indiana kapena New York ndi ya komweko. Ku Malawi, Zambia kapena South Africa mudzayenera kufunsa mabungwe oyang'anira ogwira ntchito zaumoyo a kumeneko za kalembetsedwe kawo, ndipo adzafuna kuona transcript, masilabasi ndi mafomu a maola omwe munasunga.

*Kulola chilolezo chongoyembekezera kutha.* Zilolezo zimenezi zili ndi malire a nthawi. Lembani deti lake pa kalendala, ndipo ngati mwadwala, mwabereka kapena mwapita kumaliro kumudzi kwa miyezi, lemberani bodi kupempha nthawi yowonjezera detilo lisanadutse.